Tichonge chidole cha dayinoso ngati pepala la mayeso

Anzanga, imani kaye pang'ono musanathamangire kogula zitumbuwa. Nkhani iyi ndi ya zidole, koma si ya ana okha ayi.

Pa holide yapitayi amalume anabwera kuchokera ku Joni ndi kathumba ka zidole za pulasitiki, mphatso ya mng'ono wanga amene ali Sitandade 3. Pakathumbapo panalembedwa kuti muli madayinoso 12. Mwana uja anaziyala pamkeka n'kuyamba kuzimenyanitsa, kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, zilombo zimenezi zinalikodi?" Ine poti ndine wa ku sekondale ndinangoyankha mosaganiza n'komwe: "Eya, zonsezi ndi madayinoso, ndipo ankaoneka chonchi." Anakhulupirira, ndipo dzuwa lisanalowe anali atauza kale anzake onse a pamudzi.

Sukulu itatsegulidwa ndinabwera nazo zidolezo ku kalabu ya sayansi kuti ndidzatchukirepo. Aphunzitsi a Biology anazitola chimodzichimodzi, kuzitembenuza, n'kuzigawa milu iwiri. Mulu wina unali ndi zinayi. "Izi si madayinoso," anatero. "Zotsalazi ndi madayinoso, koma ichi chaima molakwika, ichi zala zachuluka, ichi achivula nthenga." Manyazi anandigwira chifukwa ndinali nditanamiza mwana wondidalira.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi, ndipo chimene ndatolapo ndi ichi: chidole chilichonse chili ngati yankho la pamayeso. Wochipanga akutiuza kuti nyama ija inali chonchi. Ndiye yankho limachongedwa, eti? Nawa mafunso asanu ndi limodzi amene mungachongere chidole chilichonse cha dayinoso, kaya chogula m'shopu kaya chotola pakaunjika.

Mayankho olondola timawatenga kuti?

Palibe munthu amene anaonapo Tyrannosaurus rex wamoyo. Madayinoso a mtundu wake anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene chimwala chachikulu chochokera kuthambo chinagwa kudera limene lero ndi Mexico. Komabe anasiya umboni. Pali mafupa amene anakwiririka m'matope ndi mumchenga n'kusanduka miyala. Pali mapazi amene anadinda m'matope, matopewo n'kuuma kukhala thanthwe. Pali mazira, zidindo za khungu, ngakhale nthenga. Fupa limalankhula zambiri: kutalika kwa mwendo, mmene mfundo inkapindikira, ndi malo amene minofu inkagwira. Pomaliza pali nyama zamoyo lero zimene ndi abale awo enieni, mbalame ndi ng'ona. Pamene miyala yakhala chete, asayansi amayang'ana kwa abale amenewa.

Dzina loti dayinoso analipeka ndi Richard Owen wa ku England mu 1842, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza buluzi woopsa. Dzinali lasocheretsa anthu ambiri, opanga zidole omwe, chifukwa dayinoso si buluzi.

Funso 1: Kodi ndi dayinoso n'komwe?

Yambani ndi miyendo. Taonani gulo akuthamanga pakhoma kapena ng'azi ikuwoloka msewu. Miyendo imatulukira m'mbali, mimba ili pafupi ndi nthaka, thupi likupotokola uku ndi uku. Dayinoso sanali choncho. Miyendo yake inali pansi pa thupi, yoongoka ngati ya nkhuku kapena ya ng'ombe, chifukwa mutu wa fupa la ntchafu unkalowa m'bowo la fupa la m'chiuno. Chidole cha miyendo yotangadza ngati ya buluzi, mwina si dayinoso, apo ayi wochipanga walakwitsa.

Alendo anayi amene aphunzitsi anawapatula aja amapezeka m'matumba ambiri a zidole. Woyamba ndi Dimetrodon, wa chinthu chonga thanga la ngalawa pamsana. Iyeyu anatha zaka pafupifupi 40 miliyoni dayinoso woyamba asanaoneke, ndipo pachibale ali pafupi ndi ife nyama zoyamwitsa kusiyana ndi madayinoso. Wachiwiri ndi Pteranodon wouluka uja. Ndi msuweni wa madayinoso, osati dayinoso. Phiko lake linali khungu lokungidwa pa chala chimodzi chachitali kwambiri, ndipo analibe mano. Dzina lake lomwe limatanthauza phiko lopanda mano, koma zidole zambiri zimamupatsa mano a ng'ona kuti aziopsa. Wachitatu ndi plesiosaur, wa khosi lalitali ndi miyendo yonga nkhafi, amene ankakhala m'nyanja zamchere. Wachinayi ndi mammoth, njovu yaubweya, imene inakhalako nthawi imodzi ndi anthu, dzulodzuloli tikayerekeza ndi nthawi ya madayinoso.

Funso 2: Waima bwanji?

Chidole cha T. rex cha mng'ono wanga chaima chilili ngati munthu, mutu kumwamba, mchira ukukwekweresa pansi. Kaimidwe kameneka si kongopeka. Mu 1915 nyumba yosungiramo zakale ya American Museum of Natural History ku New York inalumikiza mafupa a T. rex motero, ndipo ojambula, opanga mafilimu ndi opanga zidole anatengera pamenepo kwa zaka zambiri. Nyumbayo inadzaphwasula mafupa aja n'kuwaimika bwino m'zaka za m'ma 1990.

Chinasintha maganizo n'chiyani? Choyamba, mapazi. Amene mumapita kumtsinje mukudziwa kuti ng'azi ikadutsa pamchenga imasiya mapazi uku ndi uku, pakati mzere wa mchira. Mapazi a madayinoso apezeka ambirimbiri padziko lonse, koma mzere wa mchira umapezeka mwa apo ndi apo. Ndiye kuti mchira unkakhala m'malere. Chachiwiri, mafupa. Kuti T. rex aime chilili, mfundo za m'chiuno ndi za mchira ziyenera kupindidwa mokakamiza. Mu 1969 John Ostrom anafotokoza dayinoso wina dzina lake Deinonychus, wopepuka, wothamanga, wa mchira wolimba wothandiza kuti asagwe. Kuyambira pamenepo asayansi anasiya kuganiza za madayinoso ngati zilombo zaulesi zongokwawa.

Ganizani za sikelo ya pamsika, ya mbale ziwiri ija. Chiuno ndiye pakati, mutu ndi chifuwa mbali imodzi, mchira mbali inayo, msana uli chopingasa. Umu ndi mmene dayinoso wa miyendo iwiri ankaimira.

Nanga n'chifukwa chiyani opanga zidole ena akupitirizabe kugwetsa mchira pansi? Funsani amayi chifukwa chake mafuwa amakhala atatu. Chidole choima pa miyendo iwiri yokha chimagwa msanga, koma mchira ukagunda pansi chimakhazikika ngati mphika pamafuwa. Ena amakulitsa mapazi kukhala ngati a bakha pa chifukwa chomwecho. Ndi nzeru ya malonda, koma pamayeso athu ano ndi cholakwa.

Funso 3: Zala, nyanga ndi minga zakwana?

Ili ndi funso losavuta, longofuna kuwerenga. T. rex anali ndi zala ziwiri kudzanja lililonse. Allosaurus, amene amafanana naye pang'ono, anali ndi zitatu. Chidole cholembedwa T. rex kumimba koma cha zala zitatu chaluza malikisi. Triceratops ali ndi nyanga zitatu, ziwiri zazitali pamwamba pa maso ndi imodzi yaifupi pamphuno. Stegosaurus ali ndi minga inayi kumchira, ndipo mafupa aphanthiphanthi a pamsana pake ali m'mizere iwiri molumphanalumphana, osati awiriawiri moyang'anizana.

Kenako onani kumene zikhatho zaloza. Tayesani izi panopa muli chiimire pabolodi pano: tambasulani dzanja, chikhatho kumwamba, kenako chitembenuzeni chiloze pansi. Mwatha kutero chifukwa mafupa awiri a pakati pa chigongono ndi dzanja amapingasana. Mafupa a madayinoso odya nyama sankatha kupingasana motero. Zikhatho zawo zinkayang'anizana ngati munthu amene akuomba m'manja kwa amfumu, osati kuloza pansi ngati woimba ng'oma. Zidole zambiri, ngakhale zodula, zimalakwa pamenepa.

Kwa madayinoso a makosi aatali, otchedwa sauropod, yang'anani mapazi. Opanga zidole amakonda kuwapatsa mapazi a njovu, zikhadabo zinayi kapena zisanu phazi lililonse. Zoona zake n'zakuti phazi lakutsogolo linali ngati mzati, la chikhadabo chimodzi chokha cha chala chachikulu, ndipo mitundu ina inalibiretu. Phazi lakumbuyo ndi limene kawirikawiri linkakhala ndi zikhadabo zitatu zikuluzikulu zokhota.

Funso 4: Nthenga zili kuti?

Amene munaonerako Jurassic Park kuvidiyo sho mukukumbukira Velociraptor: wamtali ngati munthu, khungu la mamba, wotsegula zitseko. Filimu imeneyi inatuluka mu 1993, ndipo zidole zambiri mpaka lero zimatengera kwa iyo. Velociraptor weniweni, amene mafupa ake anapezeka ku Mongolia n'kupatsidwa dzina mu 1924, anali wa msinkhu wonga wa nkhukundembo. Kuchokera kukamwa kufika kunsonga ya mchira anali pafupifupi mamita awiri, koma gawo lalikulu unali mchira, ndipo akanaima pafupi nanu sakanapitirira m'chiuno. A filimu anatengera thupi la Deinonychus uja n'kulikulitsa, koma anakonda dzina la Velociraptor.

Komanso anali ndi nthenga. Mu 1996 ku Liaoning, m'dziko la China, kunapezeka kadayinoso kotchedwa Sinosauropteryx kali ndi zonga ubweya wa mwanapiye kuzungulira mafupa. Pambuyo pake kunapezeka ena ambiri a nthenga zenizeni. Mu 2007 asayansi anaona timatuza tondondozana pa fupa la mkono wa Velociraptor, tofanana ndi timene timapezeka pa fupa la phiko la mbalame zina pamalo pamene nthenga zazikulu zimagwira. Choncho Velociraptor wamaliseche ali ngati nkhuku yososola. Chidole cholondola chikhale ndi nthenga thupi lonse, mikono yonga mapiko, ndi chikhadabo chachikulu chokhota pa chala chachiwiri cha phazi, chonyamulidwa m'mwamba kuti chisabunthe.

Izi sizikutanthauza kuti dayinoso aliyense timuveke nthenga. Zidindo za khungu zikuonetsa kuti Triceratops, ma sauropod ndi madayinoso a milomo yonga ya bakha anali ndi mamba. Za T. rex, tizigawo ta khungu timene tinapezeka tikuonetsa mamba ang'onoang'ono, pamene wachibale wake wa ku China, Yutyrannus, wotalika mamita pafupifupi 9, anali ndi nthenga. Ndiye T. rex wa mamba okhaokha sitingamulepheretse, wa tinthenga tochepa pamsana sitingamulepheretsenso.

Apa pali chinthu chimene chinandizunguza mutu. Mbalame ndi madayinoso amene anapulumuka. Tsiku limene kunyumba kwaphedwa nkhuku, musathamangire ntchafu. Tengani kaye mwendo muone zala zitatu zoloza kutsogolo ndi mamba ake. Funaninso kafupa kamphanda ka pachifuwa kooneka ngati chilembo V. T. rex ndi Velociraptor anali nako kafupa komweko. Wofuna kudziwa mmene dayinoso wodya nyama ankayendera asayang'ane buluzi, ayang'ane tambala kapena nkhanga.

Funso 5: Misinkhu ndi nthawi zikugwirizana?

M'kathumba ka mng'ono wanga zidole zonse ndi zofanana kukula, kuti zikwane bwino m'thumba. Tiyeni tichite masamu pang'ono. T. rex wamkulu ankatalika mamita pafupifupi 12. Ngati chidole chake ndi masentimita 30, kutalika kwa rula, ndiye kuti sentimita imodzi ikuimira masentimita 40. Pa muyeso umenewu mkono wake, umene unali pafupifupi mita imodzi, ukhale masentimita awiri ndi theka. Velociraptor akhale masentimita 5 okha, ndipo munthu wa mita imodzi ndi masentimita 60 akhale masentimita 4. Zidole zopangidwa mosamala zimalembedwa muyeso wake kumimba, monga 1:40.

Nthawi ndiye imasokonezedwa koposa. Mng'ono wanga amakonda kumenyanitsa T. rex ndi Stegosaurus, koma awiriwa sanaonanepo. Stegosaurus anakhalako zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo, T. rex zaka 68 mpaka 66 miliyoni zapitazo. Chotsani muone: mpata wa pakati pawo ndi woposa zaka 80 miliyoni, waukulu kuposa wa pakati pa T. rex ndi ife.

Manambala otere ndi ovuta kuwaona m'mutu, ndiye tiyeni kugalaundi. Tinene kuti mita imodzi ndi zaka 1 miliyoni, ndipo ife taima pagolo. Anthu a mtundu wathu akhalako zaka pafupifupi 300,000, amene ndi masentimita 30, rula imodzi basi. T. rex ali pa mamita 66, kupitirira pakati pa bwalo. Stegosaurus ali pa mamita 150, kuseri kwa golo linalo, m'munda mwa eni ake. Madayinoso oyamba ali pa mamita pafupifupi 230. Ndiye mukaona kamunthu konyamula chibonga kataikidwa m'thumba limodzi ndi madayinoso, kabwezeni pa rula yake.

Malo nawonso amawerengedwa. T. rex ndi Triceratops ankakhala kumadzulo kwa North America nthawi imodzi, choncho awiriwa amenyane ndithu. Velociraptor anali ku Asia, ndipo anakhalako zaka mamiliyoni angapo iwo asanabwere.

Funso 6: Zokometsera zachokera kuti?

Pali chidole china chotchuka cha Dilophosaurus, chokhala ndi chikopa chotambasuka ngati ambulera m'khosi, kukamwa kuli yasa ngati chikulavula ululu. Chikopacho ndi cha mufilimu ya Jurassic Park, ndipo palibe fupa limene likuonetsa chikopa chotero kapena ululu. Dilophosaurus weniweni anali ndi zipsepse ziwiri za mafupa pamutu, ndipo anali wamkulu kuposa wa mufilimu, mamita 6 kapena kuposerapo. Chimodzimodzi minga yongomwazidwa pamsana, maso ofiira ndi mano otalika ngati a njiri: funsani kuti umboni wake uli kuti.

Za mano, zidole zambiri zimaonetsa T. rex mano ali pamtunda ngakhale atatseka pakamwa, ngati ng'ona. Kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anati n'kutheka kuti mano ankabisika m'milomo ngati a ng'azi. Akatswiri ena akutsutsabe, ndiye apa tisachotse malikisi mbali iliyonse.

Nanga mtundu? Kwa madayinoso ambiri, T. rex yemwe, miyala sinasunge mtundu wa khungu, choncho wopanga chidole ali ndi ufulu wosankha, bola asapitirire malire. Koma alipo ochepa amene mtundu wawo unadziwika. Mu nthenga muli timatumba ting'onoting'ono tosunga utoto, tooneka pa maikulosikopu yamphamvu, ndipo kaumbidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu. Mu 2010 asayansi atapima Sinosauropteryx anapeza kuti anali wofiirira, mchira wa mizeremizere. Chidole cha Sinosauropteryx chobiriwira ndiye kuti chalephera, pamene T. rex wobiriwira tingomusiya.

Si cholakwa chilichonse chimene ndi bodza

Musanayambe kuseka zidole zakale, imvani nkhani ya Iguanodon. Gideon Mantell anamupatsa dzina mu 1825 ali ndi mano ochepa chabe. Pambuyo pake panapezeka fupa losongoka ngati nyanga, ndipo analiika pamphuno. Mu 1854 ku Crystal Palace ku London anaumba ziboliboli zikuluzikulu za Iguanodon, zoima ngati chipembere, nyanga pamphuno, ndipo zilipobe mpaka lero. Mu 1878 anthu okumba malasha ku Bernissart, m'dziko la Belgium, anapeza mafupa athunthu a ma Iguanodon ambiri. Nyanga ija inapezeka kuti ndi chala chachikulu cha kudzanja! Oumba aja sanali zitsiru, anagwiritsa ntchito umboni umene unalipo nthawi yawo.

Chitsanzo china ndi cha muno mu Africa. Spinosaurus anapezeka ku Egypt, ndipo Ernst Stromer wa ku Germany anamufotokoza mu 1915. Mafupawo anawonongeka ndi mabomba mumzinda wa Munich mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kwa zaka zambiri zidole zinkamupanga ngati T. rex wa thanga pamsana. Kenako mafupa atsopano a ku Morocco anaonetsa mu 2014 kuti miyendo yake yakumbuyo inali yaifupi, ndipo mu 2020 anaonetsa kuti mchira wake unali wotambalala ngati nkhafi. Chidole chimene chinali cholondola ife tikubadwa, lero chatha ntchito.

Choncho pochonga tisiyanitse zinthu zitatu. Pali cholakwa cha ulesi kapena cha malonda, monga zala zitatu pa T. rex, pamene umboni unalipo kale. Apa cholembera chofiira chigwire ntchito. Pali cholakwa cha nthawi, pamene chidole chinatsatira sayansi ya tsiku lake, sayansiyo n'kupita patsogolo. Apa onani chaka chimene chimadindidwa kumimba kwa zidole zina, muchichonge molingana ndi chaka chake. Ndiye pali malo amene miyala sinanene kanthu, monga mtundu wa khungu la T. rex, ndipo apa wongoyerekeza mwanzeru salangidwa. Sayansi ikasintha yankho sikuti yagwidwa bodza, yapeza umboni watsopano. Izi n'zimene timayenera kumvetsa tikamaphunzira za evolution, osati kungoloweza.

Nanga wathu wa ku Karonga?

Nditabwerera kunyumba ndinamuitana mng'ono wanga n'kumuuza kuti ndinamunamiza. Tinakhala pamkeka kugawanso zidole zija, iye akuwerenga zala. Kenako ndinamuuza kuti ngakhale kuno ku Malawi kunali madayinoso. Anapendapenda m'kathumba muja n'kufunsa, "Nanga wathuyo ndi uti?" Munalibe.

Dzina lake ndi Malawisaurus dixeyi. Mafupa ake anapezeka m'boma la Karonga m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene Frank Dixey anali katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland. Mu 1928 Sidney Haughton anawafotokoza n'kuwapatsa dzina loti Gigantosaurus dixeyi. M'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, gulu la Louis Jacobs wa ku America pamodzi ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale anakumbanso kudera la Mwakasyunguti n'kupeza mafupa ena ambiri. Mu 1993 anapereka dzina latsopano loti Malawisaurus, ndipo mmodzi mwa amene analemba nawo anali Mmalawi, mayi Elizabeth Gomani. Mayi yemweyu mu 2005 anafotokoza dayinoso wachiwiri wa kuderali, Karongasaurus. Atsikana amene mumati sayansi ndi ya anyamata, mwamva?

Malawisaurus anali sauropod wa m'gulu la titanosaur, wodya zomera, amene anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Poyerekeza ndi abale ake akuluakulu, monga Giraffatitan wa ku Tendaguru ku Tanzania amene mafupa ake aimikidwa ku Berlin, iyeyu anali wocheperapo. Koma ndi wofunika kwa asayansi chifukwa mbali zina za mutu wake zinapezeka, pamene ma titanosaur ambiri amapezeka opanda mutu. Nkhope yake inali yaifupi, osati yaitali ngati ya hatchi. M'miyala yomweyo munapezekanso mafupa a pakhungu, onga amene ng'ona ili nawo pamsana. Chifanizo cha mafupa ake onse chaimikidwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Boma lomweli la Karonga likutithandizanso pa funso 5 lija. Ku Uraha mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakalekale, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pa galaundi yathu ija, nsagwadayi ili pa mamita pafupifupi awiri ndi theka kuchokera pagolo, pamene Malawisaurus ali kuseri kwa golo linalo. Boma limodzi, koma sanaonanepo.

Ntchito yatsala kwa ife

Ambiri a ife tinakula tikuumba ng'ombe zadongo, ndipo aliyense ankadziwa kuti ng'ombe yopanda linunda kapena ya miyendo itatu anzako akuseka. Tinkachonga kale zidole, kungoti ng'ombe tinkaiona kudambo tsiku lililonse. Kwa dayinoso, dambo lake ndi mafupa.

Ndiye m'malo modikira kuti fakitale ya kunja idzatikumbukire, a kalabu ya sayansi tikuti tiumbe Malawisaurus wathu. Tengani dongo labwino, muikemo waya kapena timitengo kuti khosi ndi mchira zisathyoke. Miyendo inayi ikhale pansi pa thupi ngati mizati. Khosi likhale lalitali, mutu waung'ono wa nkhope yaifupi, mchira m'malere osagunda pansi. Mapazi akutsogolo asakhale a njovu, akumbuyo akhale ndi zikhadabo zitatu. Khungu likhale la mamba, nthenga ayi, ndipo mukhoza kumatapo timabulunga tochepa pamsana. Mtundu sankhani nokha, koma mukonzeke kutiuza chifukwa chake. Pambali pake muumbe kamunthu kongoonetsera msinkhu, ndipo mulembe pakapepala kuti awiriwa sanakhaleko nthawi imodzi.

Bwerani nazo ku kalabu Lachitatu likubwerali tikaweruka, pamodzi ndi zidole zilizonse za madayinoso zimene zili kwanu. Tidzazichonga limodzi ndi mafunso asanu ndi limodzi omwewa. A Fomu 1 musaope, kuumba kulibe fomu. Zidole za mng'ono wanga zidzakhalapo, ndipo T. rex wake ndamuchongeratu: wapeza 2 pa 6. Mwini wake akuti zilibe kanthu, amamukondabe, koma tsopano akamasewera amamunyamula mchira.

Ndipo chonde, pepala ili musang'ambe kuti mukulungire mtedza. Ena sanawerenge.

Mnzanu wa Fomu 3, kalabu ya sayansi